Kodi Ciyanjano ca ku Misasa Cimafika Kumudzi?

Cimanga cikalowa m'nkhokwe, nshawa zikauma, ndi mphepo ya cisanu ikayamba kuleka, m'mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala, midzi yambiri ya kum'mawa kwa Zambia imamva mau amodzimodzi pa Lamulungu: akuru a mpingo alengeza tsiku la msonkhano wa misasa. Pamenepo amai ayamba kukonola ndi kupita ku cigayo, abambo anola zikwakwa ndi nkhwangwa, ndipo anyamata atsogola kukamweta udzu ndi kudula mitengo. Pofika tsikulo njira zidzala ndi anthu osenza akatundu: ufa m'thumba, mfutso m'cikwatu, mphasa yopinda, mphika ndi mthiko, Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo zokulungidwa m'nsaru. Ena akwera njinga, ena ngolo ya ng'ombe, ena galimoto, koma ambiri ayenda pansi. Masiku anai kapena asanu agona m'misasa ya udzu, adzuka ndi belu m'mbandakuca, amva mau a Mulungu m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo tsiku lotsiriza akhala pamodzi pa gome la Ambuye.

Pobwerera kwao ambiri a iwo anena cinthu cimodzi, kuti kumeneko anapeza abale. Mkazi wamasiye amene kwao adya yekha pakhonde, kumeneko anapisa dzanja m'mbale imodzi ndi amai anzace asanu ndi mmodzi. Mnyamata amene m'mudzi mwao amseka cifukwa ca kukana mowa, anapeza anyamata makumi awiri okana monga iye. Nkhalamba imene inayesa kuti nyimbo zakale zinafa pamodzi ndi anzace, inazimva zirikuimbidwa ndi khamu lonse. Zimenezi nzokoma, ndipo palibe wokana. Koma pali funso limene munthu woona mtima sayenera kulilambalala. Msonkhano ukatha, misasa itsala yokha; ng'ombe zisolola udzu wace, ciswe cidya mitengo yace, ndipo moto wa lupsa utsiriza cotsala. Kodi ubale umene unapezeka m'menemo ukhalitsa kuposa udzuwo? Kodi nciyanjano coona, kapena ndi kukondwa kwa masiku asanu kumene munthu asiya pamodzi ndi mafuwa amene anaphikirapo?

Mau a Okayika

Okayika za misasa sali anthu akunja okha ai. Ambiri a iwo ndiwo Akristu okhulupirika, ena ndi akuru a mpingo amene anaona misonkhano yambiri, ndipo mau ao ayenera kumveka bwino asanayankhidwe.

Woyamba ati, Mulungu ali ponseponse. Amva pemphero la munthu m'munda monga alimva pansi pa mtengo wa msonkhano, ndipo Ambuye mwini anaphunzitsa ophunzira ace kuti pemphero lobisika lifika kwa Atate. Nanga munthu ayenderanji mtunda wautali kukafuna Iye amene ali naye kale pakhomo?

Waciwiri awerenga mtengo wace. Masiku asanu m'malimwe sali masiku acabe. Ndiwo za kudimba zifuna madzi m'mawa ndi madzulo, mbuzi zifuna wozitsekulira, denga lifuna kufoleredwa mvula isanagwe, ndipo m'nyumba zambiri muli agogo osatha kudzitungira madzi. Ufa umene munthu asenza kunka nao ku msonkhano ucokera m'nkhokwe yomweyo imene ana adzaiyang'ana m'mwezi wa Febuluwale. Caka ca zokolola zocepa funso limeneli silikhala laling'ono.

Wacitatu ndiye wa mau olemera koposa. Iye ati ciyanjano ca ku misasa ndi moto wa mapesi, wolirima msanga ndi kuzima msanga wosasiya khala. Kukonda mlendo wa mudzi wakutali nkosavuta, pakuti mlendoyo alibe malire a munda ndi munthu, sanabwereke khasu osabweza, ndipo nkhuku zace sizinapalase pa mbeu za mnzace. Masiku asanu munthu ali yense akhoza kukhala wofatsa. Cikondi ciyesedwa ndi mnansi wa pafupi amene munthu aonana naye caka conse; ndipo wokayikayo anaona ndi maso ace anthu alikugwetsa misozi pa Loweruka ku misasa, natukwanana pa Laciwiri kumudzi. Cotero iye ayesa kuti wopita ku misasa angopita kukapumula ku nchito ya cikondi, nabwerako monga anapitira.

Cifukwa Cace Munthu Apatuka

Poyankha woyamba, kuyenera kuvomereza kuti anena zoona: Mulungu sakhala ku misasa kuposa m'munda. Koma wosowa ulendo ndiye munthu. Kumudzi makutu ace adzala ndi zambiri, kulira kwa mwana, ngongole ya fetereza, mlandu wa kwa amfumu, ndipo pemphero lace likhala lalifupi ndi lothamanga. Kupatuka kucotsa phokoso limenelo kanthawi. Malembo acitira umboni mwambo umenewu. M'buku la Levitiko, mutu 23, Aisrayeli analamulidwa kukhala m'misasa masiku asanu ndi awiri m'mwezi wacisanu ndi ciwiri, atatha kututa, kuti akumbukire kuti makolo ao anakhala m'misasa poturuka m'Aigupto. Mwini nyumba yamiyala ndi mwini kanyumba kosauka anagona pansi pa nthambi zofanana. Buku la Nehemiya, mutu 8, lisimba kuti obwera ku ukapolo wa ku Babulo atamva lamulo limeneli lirikuwerengedwa, anakwera kumapiri kukathyola nthambi, namanga misasa pa matsindwi ndi m'mabwalo, ndipo anakondwera kwakukuru. Ambuye Yesu nayenso anali kupatuka. Nthawi zina anapita yekha usiku kukapemphera. Koma pamene atumwi anabwera otopa ku ulendo wao wolalikira, monga asimba Marko pa mutu 6, anawaitana onse pamodzi kuti apite padera akapumule.

Pamenepa pali kanthu koyenera kukasamalira. Kupatuka kwa m'Malembo kawiri kawiri ndi kupatuka pamodzi, ndipo cifukwa cace cioneka pa Eliya. Mneneriyo anathawa Yezebeli, nayenda masiku 40 kufikira ku phiri la Horebu, ndipo ali yekha m'phanga anatsimikiza mumtima kuti mwa onse otumikira Yehova watsala ndiye yekha. Sananame dala, anakhulupiriradi comweco. Koma anauzidwa kuti m'Israyeli mukali anthu 7,000 osagwadira Baala, natumidwa kubwerera kukadzoza Elisa, amene anakhala mnzace wa pa nchito. Kukhala kwa yekha kumakuza zowawa za munthu ndi kumbisira anzace. Mkristu mmodzi yekha m'banja losapemphera, kapena mai amene mwamuna wace amletsa ku Cigwirizano, agwa msanga m'maganizo a Eliya. Wotere akafika ku misasa naona khamu, angakhale asamve ciphunzitso catsopano, aona ndi maso kuti kuwerenga kwace kunali kolakwa. Makolo anadziwa ici kale ponena kuti kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu.

Phunziro la ku Cipululu

Funso limeneli ndi lakale, ndipo ena mwa oyamba kulimbana nalo anali Akristu a mu Afrika muno. Antony, wa dziko la Egypt, limene Buku Lopatulika limalicha Aigupto, anabadwa ca m'ma 251 namwalira mu 356. Iye anagawa cuma cace, napita kukakhala yekha m'cipululu zaka zambiri, alikupemphera ndi kusala kudya, ndipo mbiri yace inakoka ambiri kumtsanza. Koma munthu wina wa dziko lomwelo, Pachomius, anaona njira yina. Ali mnyamata anagwidwa kuti akhale msilikari, ndipo ali wotsekeredwa pamodzi ndi anzace, Akristu a pamalopo anawatengera cakudya cinkana sanali kuwadziwa. Cifundo ca alendo amenewo ndico cinamtembenuza. Atamasulidwa anabatizidwa, nayamba wayesa moyo wa m'cipululu. Koma ca m'ma 320 anamanga mudzi wa abale ku Tabennisi, pafupi ndi mtsinje wa Nile, kumene anthu anapemphera pamodzi, kugwira nchito pamodzi, ndi kudya pa gome limodzi. Pambuyo pace Basil, amene anadzakhala bishopu wa ku Caesarea namwalira mu 379, anayendera anthu a m'cipululu aja, napenya njira zonse ziwiri. Ciweruzo cace cinali cakuti moyo wa pamodzi uposa, popeza wokhala yekha alibe womuonetsa zolakwa zace, alibe munthu woti amcitire cifundo, ndipo sapeza mapazi oti asambitse monga Ambuye anasambitsa a ophunzira ace.

Maganizo a Basil afika pa tsinde la nkhaniyi. Makhalidwe ambiri amene Malembo afuna kwa Mkristu sangacitike ndi munthu mmodzi. Kuleza mtima kufuna wina wokwiyitsa; kukhululuka kufuna wolakwa; kudzicepetsa kufuna wina woti aikidwe patsogolo. Cifukwa cace munthu amene ati adzakhala Mkristu wabwino popanda abale afanana ndi mlimi wonola khasu tsiku ndi tsiku, amene alibe munda.

M'dziko Muno

Misonkhano ya masiku ambiri inafika m'maiko ano pamodzi ndi Uthenga Wabwino. Mu 1898 Donald Fraser, mbusa wa mishoni ya Livingstonia, anaitana Angoni ku Ekwendeni, m'dziko limene tsopano ndi Malawi, ku msonkhano wa masiku angapo wa ubatizo ndi Mgonero, potsata mwambo wakale wa nyengo za Mgonero wa kwao ku Scotland. Anthu zikwi anadza, ndipo misonkhano yotere inapitirira pambuyo pace ku Loudon. Caka comweco kuno kunacitika nkhondo ya Angoni a Mpezeni ndi Azungu, ndipo mu 1899 amishoni a Dutch Reformed Church ocokera ku Orange Free State anayamba nchito pa Magwero, kufupi ndi mzinda umene lero uchedwa Chipata. Madzimoyo inatsata mu 1903, Nyanje mu 1905, Nsadzu mu 1908. Akristu oyamba anali owerengeka, omwazikana m'midzi yotalikirana, ndipo abusa anali ocepa. Mwana wa dziko lino woyamba kukhala mbusa mu mpingo umenewo, Justo Mwale, anadzozedwa mu 1929. Cotero wofuna Mgonero anayenera kuyenda, kugona m'njira, ndi kukhala masiku ndi Akristu a midzi yina.

Amene anakomana pa magome oyamba aja sanali abwenzi akale. Panali Angoni, Acewa, Ansenga ndi Akunda, ana a anthu amene dzulo lace anathamangitsana ndi mikondo. Ena a iwo makolo ao anagwidwa ukapolo ndi makolo a anzao omwe anakhala nao pa mphasa. Kwa anthu otere kudya mkate umodzi kunali cinthu cacikuru. Kuyeneranso kunena kuti ciyanjano cimeneco sicinali cangwiro, pakuti mwambo wosiyanitsa anthu mwa khungu unalowa ngakhale m'makhalidwe a pa mishoni, ndipo unapweteka mitima zaka zambiri mpingo usanalandire umwini wace mu 1966. Mbiri imeneyi iphunzitsa ziwiri: kuti kukhala pamodzi pamaso pa Mulungu kukhoza kugwetsa malinga akale, ndi kuti linga limene anthu akana kulichula litsala ciriri ngakhale onse aimbe nyimbo imodzi.

Alamu Awiri

Wokayika wacitatu ayankhidwa bwino ndi nkhani ya mtundu umene susowa m'mipingo, maina safunika. Pakhale amuna awiri a m'mudzi umodzi, wina mkamwini, wina mlongo wa mkazi wace. Usiku wina ng'ombe za mkamwini zinathyola mpanda wa dimba la mlamu wace, nizidya kabici ndi cimanga cimene mwiniyo anayembekeza kulipirira naco mwana wace ku sukulu. Mlandu unapita kwa amfumu, mkamwini analipa mbuzi, ndipo pabwalo nkhani inatha. Koma mumtima siinathe. Wolipayo anayesa kuti anamcititsa manyazi pa mudzi wa eni. Wolandirayo anayesa kuti mbuzi siifika pa cimene anataya. Zaka ziwiri sanapatsane moni. Onse awiri ndi Akristu odya Mgonero. M'chalichi wina akhala kutsogolo, wina kumbuyo. Ndipo mai amene ali mkazi wa wina ndi mlongo wa wina asenza yekha katundu wa udani umenewo. Kumudzi udani upeza malo okwanira, pakuti pali njira ziwiri zopita kumunda, pali makoma a nyumba, ndipo zifukwa zocedwera kapena zofulumirira sizisowa.

Ku misasa akuru agawa malo monga mwa midzi, ndipo awiriwo apezeka mu msasa umodzi. Khomo ndi limodzi, moto ndi umodzi, madzi osamba m'manja abwera m'mbale imodzi, ndipo nsima iikidwa pakati pa onse. Usiku woyamba wina agona cakukhomo, wina kumapeto. Tsiku laciwiri apatsirana mbale ya ndiwo osayang'anana. Anthu a midzi yina, osadziwa kanthu, aceza ndi onse awiri, nafunsa mosalakwa kuti, popeza ali pa cilamu, alekeranji kuyendera pamodzi? Pa Loweruka, pa mapemphero okonzekera Mgonero, abusa akumbutsa anthu ciphunzitso ca Ambuye ca pa Mateyu mutu 5, cakuti munthu asadze ndi copereka kwa Mulungu akali ndi mlandu wosatha ndi mbale wace, koma athange wakonza mlanduwo. Mau amenewa awiriwo anawamva kambiri kwao. Cosiyana ncakuti tsopano mbaleyo ali pa mphasa yomweyo, ndipo palibe njira yaciwiri yopita kumunda.

Usiku umenewo, anzao atagona, mkamwini asonkheza moto nati, "Alamu, mawa tidzakhala bwanji pa gome lija, popeza nsima ya pano yomwe itikanika kumeza?" Mnzaceyo akhala cete nthawi, ndipo ayankha, "Mwanena, alamu. Mbuzi munalipa, ndinalandira. Koma wokumanani moni ndine." M'mawa mwace, belu lisanalire, apita onse awiri kwa mkuru wa mpingo, ndipo iye apemphera nao.

Msasa sunalenge cikondi mwa anthu awa, ndipo ulaliki sunali watsopano. Cimene msasa unacita ndico kucotsa pobisala. Kumudzi munthu adziwika ndi zace: uyu ali ndi nyumba ya malata, uyu ndi mphunzitsi, uyu ndi mkamwini wopanda mau, uyu ndi wamasiye. Ku misasa onse agona pansi, ayembekeza madzi pa mzere umodzi, ndipo utsi ulowa m'maso mwa onse. Pamenepo munthu aona mnzace monga ali, wotopa, wozizidwa, wosowa cisomo monga iye mwini. Cotero wokayika uja alakwa poyesa kuti ku misasa kuli alendo okha. Munthu apita kumeneko ndi mudzi wace, ndipo kawiri kawiri mnansi amene amlambalala caka conse ampeza ali pambali pace.

Koma ngakhale ubale wa alendo uli ndi nchito yace. Mlimi wa fodya safesa mbeu zace m'munda momwe. Azifesa pa nazale, pa nthaka yosalaza bwino, aphimba ndi udzu, athirira m'mawa ndi madzulo, pakuti mbeu ya fodya njaing'ono, siingapirire dzuwa ndi mvula yamphamvu pa ciyambi. Palibe amene anena kuti mbande za pa nazale nzonama cifukwa zinakula pa malo ofewa. Nzoona ndithu, koma zikhala zopanda phindu zikapanda kuokeredwa kumunda. Comweconso munthu wouma mtima, amene sanatumikirepo mnzace, ku misasa atungira madzi nkhalamba yosaidziwa, napeza kuti akhoza. Kumeneko kunali kosavuta, inde. Koma tsopano adziwa njira yace. Cotsala ncakuti aokere.

Misasa Itatu ya Petro

Pamenepa wokayika wacitatu ali ndi gawo la coonadi limene sayenera kulandidwa, pakuti mbande zambiri zifera pa nazale. Pa phiri limene Ambuye anasandulika, Petro anafuna kumanga misasa itatu pomwepo. Koma siinamangidwe, ndipo potsika anapeza atate ali ndi mwana wodwala, ndi khamu lirikutsutsana. Ciyeso ca Petro cikalipo. Pali anthu amene ayenda msonkhano ndi msonkhano, odziwa makorasi onse atsopano, pamene denga la kwao lidontha ndi ana ao asowa wowalangiza. Pali ena amene abwera ku misasa ali ndi diso lopeputsa otsala, nayesa mapemphero a pa mudzi ozizira ndi mkuru wa mpingo wa kwao wosadziwa kulalikira. Ndipo pali ena amene ayesa misozi ndiyo muyeso, kotero kuti akapanda kulira ati Mzimu sanadze, akalira ati nchito yatha. Onsewa asandutsa ciyanjano kukhala cinthu cakumva m'thupi. Kumva kumeneko sikuli koipa, koma kuli ngati kutentha kwa moto wa usiku, kumene kukaca kwatha. Ciyanjano ca Akristu cikhazikika pa ici, kuti onse ali ndi Mpulumutsi mmodzi. Ndipo cimeneci cikhala coona ngakhale pa tsiku limene mtima uli wozizira ndi mbale ali wotopetsa.

Wokayika waciwiri, wowerenga mtengo, ayeneranso kuyankhidwa moona. Amene ali ndi amai ace odwala opanda wowasamala, akatsala sacimwa; akapita nawasiya ndiye acimwa. Amene nkhokwe yace yapepuka asakakamizidwe ndi manyazi. Koma pamenepa mpingo uyesedwa ulendo usanayambe. Ngati ciyanjano ncoona, cidzaoneka pa kusonkha ufa kuti wosauka apite, pa kusinthana kuti amene anatsala caka catha kuthirira madimba a anzace apite caka cino, ndi pa kusungira wakhungu kapena wopunduka malo pa ngolo. Davide, atabwera ku nkhondo ya Aamaleki, anaika lamulo lakuti otsala kusunga akatundu alandire zofanana ndi omenya nkhondo, monga lisimba buku la 1 Samueli pa mutu 30. Mnyamata wotsala kuweta ng'ombe kuti amai ace apite ku misasa ali ndi gawo mu msonkhanowo, ndipo obwerako ali naye mangawa: kukhala naye pansi, kumsimbira mau amene anamva, ndi kumthokoza.

Muyeso Wace

Tsono yankho la funso lija ndi ili. Ciyanjano ca ku misasa ncoona, koma coonadi cace sicidziwika ku misasa komweko. Cidziwika m'Disembala, pamene udzu wakula m'munda wa mkazi wamasiye uja, ngati amai amene anadya naye m'mbale imodzi afika ndi makasu. Cidziwika m'Febuluwale, pamene mwana wa mnansi aima pakhomo nthawi ya nsima. Cidziwika pa maliro a munthu wosachuka, mvula irikugwa ndi manda ali kutali. Cidzadziwikanso pamene ng'ombe za mkamwini zidzathyola mpanda kaciwiri, pakuti ng'ombe sizinapite ku msonkhano; ndipo alamu aja adzasankha ngati akonza mpandawo pamodzi, kapena abwerera kwa amfumu.

Wokonzekera kupita caka cino akhoza kucita zitatu. Asananyamuke, achule pamaso pa Mulungu dzina la munthu amene safuna kukomana naye, pakuti kapena ulendo wonse uli cifukwa ca ameneyo. Ali kumeneko, asaope khamu, ndipo asabisale m'khamu. Adye ndi osawadziwa, koma apatulenso nthawi tsiku liri lonse ya kukhala yekha ndi Buku lace kuseri kwa misasa, pakuti amene alibe mau ndi Mulungu pa yekha alibe cimene angabweretse kwa abale. Ndipo pobwera atsegule kalendala uyu, awerenge miyezi isanu kucokera pa tsiku la msonkhano, nalembe pa tsikulo cinthu cimodzi cimene analonjeza, ndi dzina la munthu amene anamlonjeza. Tsikulo lidzampeza pakati pa dzinja, manja ali ndi matuza, nkhokwe itatsika, ndi pa malo a misasa patamera udzu wina. Akadzatsegula tsambalo, napita kukacita cimene analemba, adzadziwa yekha, wopanda womuuza, kuti cimene anapeza ku misasa cinafika kumudzi.